Tsiku limene ndinamwa feteleza

Chitseko cha kachipinda kosungiramo katundu chinali chotseguka pang'ono, ndipo pampata umenewo ndinaona mkono wa Eneless ukulowa m'thumba la feteleza, n'kutuluka ndi supuni yodzaza tinthu toyera. Supuni ija inapita m'kapu yabuluu, n'kubwereranso m'thumba. Kenaka ndinamva kutakasa, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kuti ena amve. Ndinangopitiriza kuyang'ana. Anzanga mumandidziwa, ine pakamwa mpolemera, maso okha ndiwo sagona.

Eneless ndi mlongo wake wa Yamikani, amene lero ndi mwamuna wanga, koma nthawi imeneyo tinali pachibwenzi chabe, chinkhoswe chisanachitike. Tsikulo Yamikani ananditenga pa boma pa Kasungu, pamene ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, kupita nane kwawo ku Njombwa kuti makolo ake akandione. Cholinga changa chinali chophweka: ndikagwade bwino, ndikayankhe zimene andifunse, ndikagone, m'mawa ndibwerere nditasiya mbiri yoti mtsikana uja ndi waulemu. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Chovuta chinali chakuti m'minibasi Yamikani anandiuza nkhani imene akanangoisunga. Akuti pamudzipo panali mtsikana wina, mnzake wapamtima wa Eneless, amene chaka chilichonse ankabwera kudzathandiza kusoka fodya osapempha kanthu, ndipo anthu ankayesa kuti mtengwa wa pakhomopo adzakhala iyeyo. "Koma usadandaule, Eneless anangokhumudwa pang'ono," anatero akuseka, n'kuyamba kukamba za mpira. Iye anaiwala pomwepo. Ine nkhaniyo ndinaibereka kumbuyo ngati mwana mpaka kukafika.

Zinali zaka zija za makuponi, ndipo matumba a feteleza anali paliponse. Ena anawasoka kukhala chotchinga kubafa, ena ankayanikirapo ufa, lina analikulunga pampando wa njinga. Koma amenewo anali matumba opanda kanthu. La m'kachipinda lija linaima chilili, lodzaza, ndipo zilembo zake ndinaziwerenga bwinobwino ndili pamkeka pakhonde. Yureya. Feteleza wobereketsa, woyera uja.

Eneless anatuluka ndi chidebe cha thobwa n'kuyamba kutungira aliyense, amayi, Yamikani, ndi abambo amene anakhala poteropo pansi pa mtengo wa mango monga amachitira apongozi. La onsewo linachokera m'chidebe ine ndikuona. Langa lokha linabwera lothira kale, m'kapu yabuluu, pambale. Anagwada n'kumwetulira.

"Iyi ndi yanu, alamu. Ndakukonzerani mwapadera."

Mwapadera. Tandiuzani, mukanakhala inu mukanatani? Thobwa la kwa apongozi, tsiku loyamba, limakanidwa? Ndinaigwira kapu ija ndi manja awiri n'kumaiyang'ana. Nditadzutsa maso ndinapeza kuti abambo nawonso akuiyang'ana, osaphethira, kukhosi kwawo kukuyenda.

"Ya alendoyo ikuoneka yosiyana," anatero.

"Inu imwani yanu," anayankha amayi mwachangu, osawayang'ana n'komwe. Kenaka kwa ine: "Imwani, mwana wanga, mwayenda padzuwa."

Mumtima ndinati basi, akudziwa onse. Bambo wachikulire akufuna kundichenjeza, amutseka pakamwa. Ndinayang'ana Yamikani kuti mwina aona nkhope yanga, koma iye anali atapendeketsa kale kapu, ndevu zili thobwa lokhalokha. Ndiye ndinamwa. Munthu wopita kukoleji, wodziwa kuti m'kapu muli poizoni, ndinamwa chifukwa cha manyazi, ndipo ndinamaliza ndi masese omwe, n'kunena kuti zikomo. Linali lotsekemera kwambiri. Zimenezo sizinandilimbitse mtima ayi. Nanga wothira poizoni angaiwale kubisa kuwawa kwake?

Kukoleji tinaloweza zizindikiro za munthu amene wamwa mankhwala a kumunda, ndipo pamayeso funso limenelo linandivuta. Koma tsiku limeneli thupi langa linazikumbukira zonse, motsatana ngati mmene zinalembedwera pabolodi. Poyamba malovu anadzaza m'kamwa. Nditangoganiza kuti chotsatira ndi thukuta, thukuta linatsika kumsana. Ndinati mwina lilime lichita dzanzi, lilime linamva n'kuchita dzanzi. M'mimba munayamba kupota. Musaganize kuti ndinkanamizira, anzanga, ululu unali weniweni, woti ukanandipeza ndili ndekha ndikanalira.

Pamenepo amayi anati tiyeni tikaone chigafa, mlendo adziwe chimene chimadyetsa banja lino. Unali mwezi wothyola fodya, masamba ali lendelende kuyambira pansi mpaka kudenga, fungo lake lolowa mpaka m'mutu. Amayi ankandifotokozera za masamba apansi ndi apakati, ine ndikungoti inde, inde, uku ndikuganiza zoti kwathu akamva bwanji, ndiponso zoti ndavala chitenje chobwereka chimene mwini wake sadzachionanso. Amayi atatembenuka kuti akonze ndodo ina imene inapendekeka, ndinazemba n'kupita kuseri kwa chigafa, ndinagwada, n'kulowetsa chala kukhosi monga tinaphunzirira.

Sindinaone kuti kuseriko kunali munthu. Mayi wina, mkazi wa tenanti wa pakhomopo, wochokera ku Mulanje, anali atakhala pamthunzi akusoka fodya. Anandiyang'ana mpaka ndinamaliza, singano ili m'manja, n'kugwedeza mutu mwachifundo.

"Pepani, mayi. Miyezi yoyambirira imatero."

Ndinafuna kuyankha kuti si zimenezo, koma nditaimirira dziko linazungulira, ndipo ndinakagwera chagada pamulu wa masamba amene anali atangothyoledwa m'mawa womwewo, apakati enieni, amene abambo ankayembekeza kuti adzagulidwa bwino kuokushoni. Ndinawamva akuthyoka pansi panga, khrr, ngati ndagonera mazira.

Anandinyamula azimayi atatu. Ndipo mukudziwa kumene anakandigoneka? Pabedi la Eneless. Iye yemweyo anakhala pambali panga n'kumandikupiza ndi chivundikiro cha poto, nkhope ili yodandaula. Ndinkamuyang'ana ndi diso limodzi n'kumati, taonani luso lake, akudikira kuti aone ndikutsirizika. Panja ndinamva Yamikani akunena kuti athamangire pa sitolo ya Che Amidu akabwereke njinga yamoto tipite kuchipatala.

"Matenda awa si a njinga yamoto," anatero amayi. "Iwe khala panja pomwepo, wachita kale zako."

Anachoka pang'ono, n'kubwera ndi kapu ya madzi ofunda. Anandidzutsa mutu ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Imwani. Awa anandiphunzitsa anamwino a kuchipatala, sanandichititsepo manyazi."

Mawu oti anamwino anandigwira mtima. Ndinaganiza kuti mayiyu chikumbumtima chamutsutsa, akufuna kukonza zimene wachita mwana wake. Ndinamwa. Anali ndi kamchere pang'ono, ndipo ndinawamva akutsika, akuthamangitsa poizoni m'mitsempha monse. Posakhalitsa thukuta linauma, lilime linabwerera, m'mimba munati zii. Ndinayamba kudzifotokozera ndekha mwasayansi mmene mankhwalawo akugwirira ntchito, ndipo ndinatsimikiza kuti ndikachoka pano ndi moyo ndidzawafunsa dzina lake.

Amayi ataona kuti maso anga ayera, anatseka chitseko, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kukonza mpango wawo. Pawindo panali mithunzi ya mitu ya azimayi.

"Tsopano tili tokha akazi. Ndiuzeni zoona, mwana wanga, kuti ndidziwe poyambira ndi bambo akewa. Mukudziwa kuti ndi mkulu wa mpingo. Ndi ya miyezi ingati?"

Apa ndiye ndinazindikira kuti nkhani ya mayi wa ku Mulanje yafika kale pamudzi ponse. Ndikakhala chete, ukwati wa kutchalitchi wathera pomwepa, ndipo amalume anga akamva kuti ndinapita kukaonekera ndili ndi pakati. Ndikayankhula, ndiye kuti ndikuloza chala mwana wa eni nyumba, m'nyumba mwawo, pabedi lake. Munthu amene tsiku lonse ndinali nditangonena inde ndi zikomo, ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa amene ndimaphunzitsira kalasi yodzaza.

"Sindili ndi pakati, amayi. Ndamwa feteleza."

"Mwamwa chiyani?"

"Yureya. Alamuwa anandithirira m'thobwa. Ndinaona ndi maso anga akutapa m'thumba lili m'kachipinda kaja."

Chivundikiro cha poto chinaima m'malere. Eneless anayang'ana amayi, amayi anayang'ana kuchitseko, n'kundigwira mkono mwamphamvu.

"Tsitsani mawu," ananong'ona.

Mwaona? Sanati ndanama. Anati nditsitse mawu. Ine ndinabwereza mokweza kuti m'thumba la yureya, m'kachipinda, ndipo ngati akukana tipite tikaone.

Panja mpando unakhwekhwereza. Anali abambo. "Yureya wanga? Amene ndinamuimira pamzere kudepoti mpaka miyendo kutupa? Yureya anatha kalekale m'munda wa chimanga. Thumba limenelo munandiuza kuti muli madeya a nkhuku."

"Muli madeya," anayankha amayi, koma mawu awo anali atafooka.

Tonse tinatuluka, ine ndikuyenda bwinobwino ngati si uja ananyamulidwa. Abambo analikoka thumba lija mpaka pakhonde, anthu atazungulira, matenanti, ana, ndi mtsikana uja wosoka fodya mwaulere, amene ndinamuzindikira popanda wondiuza chifukwa ndiye yekha amene ankaoneka wokondwa. Anamasula kukamwa kwa thumba. Munalidi madeya. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa pepala la pulasitiki lomanga ndi kansalu. Anamasula, ananyowetsa chala, anagunda tinthu toyera tija n'kulawa. Anatsinzina kwa kanthawi.

"Kani amakhala muno," anatero mofatsa.

Anali shuga, anzanga. Amayi anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, osati kwa ine koma kwa gulu lonse, ngati munthu amene waberedwa. Abambo ali ndi matenda a shuga, ndipo kuchipatala anawaletsa. Amayi anabisa shuga mumtsuko, abambo anamupeza. Anabisa kudenga, anamupeza. Anabisa m'chikwama cha yunifolomu yawo ya kumpingo, anamupeza Lamulungu m'mawa. Malo okhawo amene mwamuna sangapiseko dzanja ndi m'madeya a nkhuku, ndipo kuyambira pamene yureya anatha mpaka tsiku limenelo shuga wa abambo anali atatsika bwino. Thobwa la m'chidebe amalisiya losathira chifukwa cha iwowo. Woyerayu anachita kuitanitsa kwa Che Amidu, poti kukubwera mlendo wa patauni amene mwina wabulauni samukonda.

Ndinafunsa ndi mawu aang'ono, aja ndinabwera nawo. "Nanga mankhwala aja munandipatsa?"

"Madzi, kamchere, ndi shuga."

"Shuga wake uti?"

Amayi analoza pepala limene linali m'manja mwa abambo.

Ndiye kuti chimene chinandigwetsa pafodya ndi chimene chinandidzutsa pabedi chinatuluka m'pepala limodzi, ndi supuni imodzi. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Yamikani anatsamira chipupa atabisa nkhope. Abambo okha ndiwo sanaseke, anandiyang'ana mwaulemu kuchokera poteropo n'kunena kuti, "Masamba aja musadandaule nawo. Mtengwa ameneyu ine ndamukonda."

Ndinakagwada kwa Eneless kukhitchini kukapepesa, misozi ili m'maso. Anandisiya ndigwade kaye ndithu, akupitiriza kusadzula nkhwani.

"Alamu, tiyerekeze kuti ndimafunadi kukuphani. Ndingawononge feteleza wa kuponi? Mukudziwa mmene amavutira kupeza?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndikaona chinthu ndizifunsa, ngakhale manyazi andigwire pakhosi. Kuli bwino kuoneka wopusa pofunsa kusiyana ndi kufa ndi shuga, n'kuukanso ndi shuga yemweyo.

M'mawa mwake ndinadzuka molawirira, ndinasesa bwalo, n'kukathandiza mayi wa ku Mulanje kusankha masamba amene ndinathyola. Ambiri anali otayika. Mayiyo ankangondiyang'ana pamimba. Eneless anabweretsa tiyi m'kapu yabuluu yomwe ija, anagwada, supuni ili m'manja.

"Ndithire wokulitsa kapena wobereketsa, a Nayureya?"

Dzina limenelo ku Njombwa likadalipo mpaka lero. Ndikumanga katundu, amayi analowa n'kutseka chitseko. Anatulutsa pepala la shuga lija m'chitenje, litachepa ndithu kuyerekeza ndi dzulo lake, n'kuliika m'chikwama changa.

"M'chikwama cha mpongozi abambo sangapisemo dzanja. Musunge mpaka nthawi yonyamuka, ndikhale nditaganiza malo ena. Ndipo mukawauze amalume anu kuti ankhoswe athu abwera fodya akangogulitsidwa."

Anatiperekeza mpaka pamsewu. Abambo anabwerera panjira, akuti akaone nkhuku. Minibasi inachedwa, tinakwera modzaza, Yamikani anagona njira yonse. Shuga uja ndinamupeza m'chikwama nditafika pa boma.