Mateni Awiri ndi Ng'ombe za Nabanda

Sekani, anyamata, sekani mpaka nthiti ziwawe, koma amene akuti ine Lazaro Kamwendo ndine wabodza aimirire pano andiuze chimene munthu amachita akapatsidwa maeyiti awiri. Palibe? Ndiye khalani pansi, mubweze timafoni tanuto m'thumba, chifukwa njuga imene mukudinadina apoyo ine ndinaisewera ndi manja awa inu mukuyamwa.

Bulakijaki ndinaiphunzira ku Lilongwe, pa hotela ina kumene ndinkakolopa m'chipinda cha njuga, ndipo palibe anandiphunzitsa, ndinkangotchera khutu uku ndikufinya chikolopa, mpaka ndinafika pozindikira khadi lililonse ndi kamvekedwe kake likamagwa patebulo, ndili chafufumimba pansi pa mpando. Lamulo lake ndi limodzi: uyandikire twente-wani kuposa wogawa makhadi, koma ukapitirira waphulika, zako zapita. Kingi, kwini ndi jeki onse ndi teni. Eyisi ndi wani kapena leveni, mmene wafunira. Ukafuna khadi lina umagogoda patebulo, amati hiti. Ukakhutira umagwedeza dzanja chonchi, amati sitandi. Wogawayo alibe ufulu: pa sikisitini ayenera kutola, pa seventini ayenera kuima. Mukumva?

Nditasiya ntchito ndinakakwatira kwa Dzoole, chikamwini, kwa mkazi wanga Nabanda, ndipo mbiri yanga inakwera mapiri onse a Dowa nkutsikira ku Ntchisi, moti ndikamasakaniza makhadi mphepo yake inkasasula udzu pa zigafa za fodya, ndipo tsiku lina ndinamenyetsa eyisi pa mtondo wovundikira mwamphamvu kwambiri mpaka nkhuku za ku Nachisaka zinaleka kuikira sabata yathunthu, eni ake nkubwera kudzandipepesa ngati alakwa ndi iwo, ndipo azungu ena odzaona nkhalango ya Ntchisi ndinawadya nsapato, zipewa, magalasi, pomaliza ndinawadya ndi nkhungu imene anabwera kudzajambula, phiri linakhala poyera miyezi itatu mpaka ndinaibweza ndekha chifukwa cha chisoni. Ndikulumbira, nditafa ine.

Sunali mwayi ayi, ndinkatsata malamulo. Ukakhala ndi leveni, dabulo: wonjezera kubetcha kwako kawiri, utole khadi limodzi basi. Wogawa akaonetsa faifi kapena sikisi, iwe uli ndi thwelofu kapena kuposerapo, ima, mleke adziphulitse yekha. Maeyisi awiri kapena maeyiti awiri, ng'amba nthawi zonse, amati sipiliti: khadi lililonse limakhala dzanja palokha, koma uyenera kubetchanso china chofanana ndi choyambacho. Ndipo lamulo limene ndinkaliphunzitsa aliyense, ngakhale oledzera: mateni awiri osawang'amba. Twente ndi twente. Ngakhale mngelo atsike akunong'oneze, uziti ayi.

Tsopano tamverani bwino.

Nabanda anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, Bantomu ndi Jelemani, zimene malume ake a Chisale anamupatsa kuti azilerera ana. Sizinali zanga. Mkamwini kwa eni ake amabwera ndi khasu ndi bulangete, zina zonse amazipeza. Koma ndine ndinkaziyendetsa, ndiye anthu akamati ng'ombe za a Kamwendo, ine sindinkakana.

Tsiku la msika, nyengo ya fodya, dzuwa lili paliwombo, ndinatsitsa mabelo a mkazi wanga nkupeza kuseri kwa golosale kuli Kamphinda, venda wogula fodya, akugawa makhadi pa chitseko chakale. Ndinakhala pansi. Ndinamudya, ndinamudyanso, mpaka thukuta lake linayenda m'ngalande nkukokolola kamlatho ka kumunsi kwa msika, anthu anadzaza mpaka ena kukwera mu mtengo wa mango, nthambi nkumathyoka. Kenaka Kamphinda analoza mulu wa malata atsopano m'galimoto mwake, nati abetcha malata okwanira nyumba yonse ngati ine ndibetcha ng'ombe imodzi. Nyumba yathu inkadontha pamutu penipeni pa mphasa, ndipo Nabanda anali atatopa kusuntha ana mvula ikamagwa. Ndinati Bantomu.

Anagawa. Ine kingi ndi kwini, twente. Iye khadi loonekera linali sikisi, lina lovundikira. Anyamata, m'dziko lonse lapansi mulibe malo abwino okhala kuposa amenewo. Chinatsala n'kungogwedeza dzanja, sitandi, nkuyamba kuganiza za misomali.

Dzanja ndinali nditalikweza kale pamene wina kumbuyo, mpaka lero sindimudziwa nkhope, ananena mokweza kuti katswiri weniweni akanang'amba, koma uyu ndi mkamwini, akuopa kukakalipiridwa. Anthu anaseka. Kuseka kumeneko kunandilowa m'mutu ngati kachasu wa m'mawa. Ine amene ndinadya nkhungu ya Ntchisi, anditche wamantha pamaso pa msika wonse? Ndinalekanitsa kingi ndi kwini ndi chala chimodzi. Kamphinda anandikumbutsa mwaulemu kuti dzanja lachiwiri limafuna ng'ombe yachiwiri. Ndinati Jelemani.

Pa kingi panagwa seveni, seventini, ndinaima. Pa kwini panagwa sikisi, sikisitini, ndinaimanso, monga lamulo linenera. Kamphinda anavundukula lake: teni. Sikisitini. Anatola limodzi, linali firii. Naintini. Manja anga onse awiri anagwa.

Mwaona chimene chinachitika? Ndikanaima pa twente, khadi loyamba kutuluka likanapita kwa iye, seveni uja, sikisitini ndi seveni ndi twente-firii, akanaphulika. Khadi limene linabwera kudzamupha ndinalilanda ndekha nkuliika pa kingi wanga. Zaka zonsezi ndikamalima, ndikamasamba, ndikakhala m'tchalitchi abusa akulalikira, seveni ameneyo ndimamuona.

Ngolo ndinaikoka ndekha, goli lili paphewa, chitunda chonse mpaka kumudzi, ndipo ichi chokha musachiseke poti anthu anaona. Nabanda anali pabwalo akupeta nyemba. Anayang'ana ngolo, anayang'ana ine, sanakuwe, sanatukwane, bola akanatukwana.

"Zonse ziwiri, bambo a Esinati?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Mukanasiyako imodzi, ndikanakhala nacho chowauza malume."

Anapitiriza kupeta nyemba zake. Patapita masiku atatu a Chisale anaitana ankhoswe, ndipo mlandu sunatalike. A Chisale anati ikanakhala ng'ombe imodzi akanati satana anamuyesa mwana wa eni, tikanalima limodzi nkugula ina. Koma munthu wobetcha yoyamba nkutembenuka kubetchanso yachiwiri ndiye kuti tsiku lina adzabetcha munda. Anandipatsa khasu langa ndi bulangete. Nabanda anali m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo mwana wathu Esinati ndinkamumva akufunsa amayi ake kumene ndikupita.

Lero ndimakhala kwa mlongo wanga, mbali ya ku Ntchisi uko, m'kanyumba koyandikana ndi khola la mbuzi. Nabanda anakwatiwa ndi mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene sadziwa kusiyanitsa jeki ndi kingi, ndipo ndi iyeyo anamukhomera malata. Esinati atakwatiwa ndinamva kwa anthu a m'minibasi.

Zina zimene ndakuuzanizi ndathirako mchere, ndikuvomera, ukalamba umafuna omvera. Koma pitani kwa Dzoole mukafunse aliyense wa imvi, akakuuzani chimodzimodzi. Ndinali ndi mkazi wabwino, ana atatu, ng'ombe pakhomo ndi twente m'manja, anyamata, ndipo chimene chinkafunika n'kungoima. Sindinaime.