Kanyama ka m'shedi ya nandolo

Mwambi umenewu, ana inu, unayamba motere, ndipo ine ndinalipo, sindikunena zongomva.

Pa Luchenza panali bambo wina wachikulire, Che Wadi, amene anaphikira amwenye ku Limbe zaka makumi awiri. Atapuma ntchito anabwerako ndi zinthu ziwiri, njinga ndi yoga. Yogayo ndi kuwongola thupi pang'onopang'ono uku ukupuma modekha, mpaka msana uleke kudandaula. Anapempha shedi yakale yosungiramo nandolo kuseri kwa msika, ndipo m'mawa uliwonse tinkasonkhana mmenemo, aliyense ndi mkeka wake kapena thumba. Tinkakwana khumi ndi asanu ndi awiri. Pakhomo panalibe wobwezedwa. Amene mawondo ankamukana ankachitira pampando. Che Wadi ankangoti, "Pamene thupi lanena kuti basi, imani pomwepo. Mawa lidzawonjezera lokha."

Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti mlongo wawo wadwala ku Ntaja. Ponyamuka anasiya kiyi kwa a Matewere, telala wa pakhonde la golosale, poti ndiwo ankafika moyambirira. Anati adzabwera pakatha milungu itatu, Loweruka, ndipo akadzabwera adzasankha wotsogolera gulu chifukwa iwo akukalamba.

A Matewere anali munthu wowonda, wofewa ngati mphira, ndipo udindo umenewo unawalowa mumtima. Anapeza kabuku ka zithunzi za anthu opindika mosiyanasiyana, n'kuganiza kuti Che Wadi akadzapeza gulu lofanana ndi la m'kabukumo, kiyi sadzamulandanso.

Anayambira pa a Nangondo, ogulitsa zitumbuwa, mayi wathupi ndithu.

"Mayi, gwirani zala za kumapazi."

"Zala zimenezo ndinaziona komaliza ndili mtsikana, bambo. Mukandifunsa kuti zilipo zingati ndingonena zachikhulupiriro."

"Ndiye muyambe mwakhala kunyumba. Mukukhotetsa mzere."

M'mawa mwake anatembenukira kwa a Mposa, nkhalamba yochitira pampando.

"Kuno sitidikira basi, akulu. M'kabuku muno mulibe mpando."

"Nanga muli munthu wa mawondo anga mmenemo?" anafunsa a Mposa.

A Matewere anatsegula masamba onse n'kunena kuti mulibe. A Mposa ananyamula mpando wawo n'kutuluka.

Ine anandichotsa Lachinayi chifukwa ndinali woyembekezera malume anu a Fanuwelo, ati ndikutchinga akumbuyo. Wina anapita chifukwa chopuma mokweza. Amayi a chitenje anauzidwa kuti abwere ndi makabudula, ndiye anangoyang'anana osabweranso. Pofika mlungu wachitatu panatsala anyamata atatu. Mmodzi anakanika kugunditsa mphumi pamawondo, a Matewere n'kumukankha msana ndi bondo mpaka tinamva kuti anapita kwawo atakwera wilibala. Awiri otsalawo sanatsanzike n'komwe.

Ife othamangitsidwa sitinaleke. Tinkakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya a Nangondo, n'kumachita zathu zija za pang'onopang'ono.

Lachisanu, mawa lake Che Wadi akubwera, a Matewere anapezeka okha m'shedi. Sanaone vuto. Anati ngati gulu lalephera, adzaonetsa okha, ndipo adzaonetsa za patsamba lomaliza, pamene panali munthu atakoleka miyendo yonse iwiri kumbuyo kwa khosi. Anatseka chitseko ndi mpiringidzo kuti olephera asabere poyang'ana. Anavula n'kutsala ndi kabudula. Poona kuti munthu wa pachithunzi akunyezimira, anadzola mafuta ophikira thupi lonse.

Mwendo woyamba unalowa movuta. Thupi linanena kuti basi, momveka bwino. Iwo anagwira chidendene chachiwiri ndi manja onse n'kukoka mpaka chinakwera pamwamba pa chinzake. Zinatheka ndithu, ndipo anakondwa kwa kanthawi.

Pofuna kutsitsa, miyendo inakana. Minofu inakokana, akakolo anakolana kumbuyo kwa khosi, manja akungoterera pamafuta. Poyesa kudzigwedeza anagubuduka chagada n'kuyamba kuzungulira pansi. Fumbi ndi makoko a nandolo zinamatirira thupi lonse. Chibwano chinali chitakanikizika pachifuwa, moti poitana anthu chinkatuluka ndi kubuula kokhakokha. Dzuwa linafika paliwombo, malata akutentha, iwo ali chomwecho.

Anamva ndi a Nangondo pobwerera kumsika. Anasuzumira pamng'alu wa chitseko, n'kupita kukaitana anthu.

"M'shedi mwalowa chinthu," anatero. "Chili ndi mamba, ndipo chikulira ngati mbuzi yodwala."

Amuna anabwera ndi zibonga, patsogolo pali a Jumbe a pabutchala ndi mpeni wawo. Anayamba kusuzumira mosinthana, m'katimo muli kamdima.

"Ndi ngaka imeneyo," anatero wina.

"Ngaka yaikulu chomwecho munaiona kuti? Mutu wake uli pati?"

"Uli pakati pa miyendo. Yakumbuyo ndiyo ili kutsogolo."

"Mwina yadya a Matewere. Malaya awo ndi awo ali pansiwo."

A Jumbe anasuzumira nthawi yaitali kuposa onse. "Kaya ndi kanyama kanji," anatero, "koma kali ndi mafuta."

Zonsezi a Matewere ankazimva. Anabuula kwambiri pofuna kukana, anthu n'kunena kuti kakwiya. Anathyola chitseko, a Jumbe n'kulowa chibonga chili m'mwamba. A Mposa, amene anafika pomaliza chifukwa cha mawondo, ndiwo anawagwira mkono.

"Taimani kaye. Mapazi awowo ndikuwadziwa. Amapalasa makina pakhonde la golosale."

Wina anayamba kuseka ndipo sizinagwirikenso. Koma munthu anali pa ululu weniweni, misozi ikuyenda m'fumbi. A Nangondo anakhala pansi kumbuyo kwawo n'kuwagwira mapewa kuti asagubuduke. Ine ndinagwira chidendene chapamwamba. A Mposa anawerama pakhutu pawo.

"Musalimbane nayo. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Tulutsani. Kokaninso."

Pa mpweya wachisanu ndi chiwiri mwendo unamasuka, winawo unatsika wokha. Mawu oyamba amene a Matewere ananena anali akuti, "Musawauze Che Wadi." Ananena izi theka la msika lili pakhomo.

Che Wadi anaimva nkhaniyi asanatsike n'komwe minibasi. Loweruka tinasonkhana tonse m'shedi yopanda chitseko, ndipo a Matewere, akuyenda motangadza, anabweza kiyi asanafunsidwe. Che Wadi anamupereka kwa a Nangondo, n'kuuza a Matewere kuti Lolemba abwere ndi mkeka wawo ngati wina aliyense, pakuti pakhomo pano sabweza munthu. Atatero anaitanitsa a Jumbe.

"Achimwene, mumafuna kundiphera munthu wanga?"

"Ndikanadziwa bwanji, Che Wadi? Pakanakhala wina pambali pake, ngakhale wongokhala, ndikanazindikira kuti ndi masewera anu aja. Koma ine ndinapeza kali kokha, kakugubuduka m'makoko."

Che Wadi anayang'ana a Matewere, anayang'ana ife, n'kugwedeza mutu.

"Sindingakudzudzuleni," anatero. "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu."