Zikho za Apongozi Pachifuwa Panga

Ku Lirangwe kudakali anthu angapo achikulire amene akandiona amayamba kutsokomola popanda chimfine. Ndikawapatsa moni amayankha akuyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Sindiwaimba mlandu. Anaona zimene anaona.

Zinachitika m'zaka za Chitaganya. Ndinali kalaliki kubwalo la ndege ku Chileka, ntchito yanga kuyeza katundu pasikelo ndi kulemba mapepala. Mkati mwa sabata ndinkagona komweko. Loweruka masana ndinkapalasa njinga kupita kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Lirangwe, kumene ndinali mkamwini. Mayi a kunyumbawa, Anaphiri, anali atangoletsa kuyamwa mwana wathu wachinayi.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, ana atapita kosewera, ndinapeza Anaphiri m'nyumba akusintha bulauzi. Anali atagwira kagalasi kanga kometera ndevu, akukatembenuza uku ndi uku. Masiku amenewo kunali kutabwera mlamu wawo wa ku Halale, mayi wa madiresi osongoka pachifuwa. Ndinamva pambuyo pake kuti kumtsinje mlamuyo ananena, anthu onse akumva, kuti kutauni mkazi akalekerera mabere kugwa mwamuna amayamba kuyang'ana kwina.

"Abambo a Esinati," anatero Anaphiri osandiyang'ana, "kubwalo la ndege kuja kumadutsa akazi ambiri?"

"Amadutsa."

"Ovala bwino?"

"Ena."

Kenaka anati, "Inetu agwa. Mwaona, eti?"

Munthu wanzeru akanadziwa choyankha. Ine ndinapita kusekondale, koma zimenezi sanatiphunzitse. Ndinaona kuti kukana n'kunama, kuvomera n'kulakwanso. Ndiye ndinayankha monga ndinkayankhira munthu amene sutikesi yake yasowa.

"Tiona chochita."

Anavala bulauzi ija n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ankasinthira zovala kubafa, ndipo madzi anga osamba ankangoika n'kuchoka, osaima n'kumacheza nane kuseri kwa mpanda monga kale. Ndinaona kuti nkhaniyo yawapweteka, choncho ndinatsimikiza mtima kuikonza msanga. (Zoti chowapweteka chinali yankho langa sizinandifike m'mutu.)

M'chipinda chodikiriramo ndege azungu ankasiya magazini a ku Joni, ndipo wosesa ankatigawira kuti tizikulungira zinthu. M'magazini ina ya amayi ndinapeza tsamba lonena za nkhani yomweyi. Ndinaling'amba n'kukaliwerengera kuseri kwa nyumba ya katundu, dikishonale ili pabondo. Linatchula njira zitatu. Yoyamba inali ya mpeni: dokotala amamugoneka munthu ndi mankhwala, n'kudula khungu lotsalira, n'kusoka kuti zikwere. Ndinaiwerenga kawiri n'kuisiya. Anaphiri ankatseka maso ngakhale pobaya jekeseni mwana wa eni, ndipo chipatala chochita zoterezo chinali kutsidya kwa maiko awiri. Yachiwiri inali yolimbitsa minofu: kugundanitsa zikhatho patsogolo pa chifuwa n'kumakanikiza mwamphamvu m'mawa uliwonse. Yachitatu inali kamisolo wa makapu awiri ndi zingwe za pamapewa, chovala chimene kumudzi kwathu nthawi imeneyo tinkangochimva.

Ndinayamba ndi yachiwiri, chifukwa inkatheka popanda kufotokoza kanthu. Lamulungu m'mawa, pamapemphero a banja, ndinalengeza kuti kuyambira lero tizipemphera manja ali chonchi, mokanikiza, zigongono m'mwamba. Ndinapemphera nthawi yaitali kuti mankhwala agwire. Ndinapempherera odwala, apaulendo, mvula, ndi amuna a m'mudzimo amene anali kumigodi, mmodzimmodzi. Ana manja anawalemera. Titati ameni, Anaphiri anandiyang'anitsitsa.

"Kuntchito mwalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Ngati akuchotsani, nenani."

Njira imeneyo inathera pomwepo. (Ndili panjira ndinazindikiranso kuti munthu wosinja chimanga ndi kusenza ndowa tsiku ndi tsiku safunika kuphunzitsidwa ndi kalaliki za kulimbitsa minofu.)

Inatsala yachitatu. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita ku Blantyre. Sitolo yogulitsa zoterezi inali ya azungu, ndipo ife tinkagulira pazenera la kumbali. Unkanena mokweza chimene ukufuna, wogulitsa n'kuchibwereza mofuula kwa anzake m'kati. Kumbuyo kwanga pamzere kunali bambo wovala kolala ya ubusa. Nditafika pazenera ndinapempha mpango wa m'thumba. Ndinabwerera kumapeto kwa mzere, ndinalimba mtima, ndinafikanso pazenera, n'kugula mpango wachiwiri.

Apa m'pamene ndinakumbukira Che Bwanali, telala wachikulire amene ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye pa Lirangwe. Matelala a ku Chileka anali pafupi ndi anzanga a kuntchito, koma Che Bwanali ankadziwika kuti salankhula za anthu. Ndinawaonetsa tsamba lija. Analiyandikiza kumaso, n'kulitalikitsa, n'kulitembenuza chadodolido.

"Chipewa cha mapasa?"

Ndinafotokoza motsitsa mawu. Anagwedeza mutu ngati ndawapempha kabudula wamba.

"Muyeso?"

Ndinatulutsa chingwe chimene ndinayezera bulauzi ya Anaphiri ili pachingwe choyanikira. Anachilandira. Kenaka analoza makapu pachithunzipo. Ndinakweza manja n'kuumba m'malere.

"Achimwene, ine mpweya sindisoka. Bweretsani chinthu chogwirika."

Kumudzi, nyumba yathu ndi ya apongozi anga aakazi zinkagwiritsa thandala limodzi loyanikapo ziwiya. M'mawa wa Lamulungu ndinaonapo zikho ziwiri zomwera madzi, zofanana bwino, za migwiriro yaitali. Ndinaziyang'ana, ndinayerekeza mumtima, n'kuziika m'chikwama cha panjinga. Sindinafunse kuti n'za yani. Masana ake, pobwerera ku Chileka, ndinazisiya kwa telala.

Loweruka lotsatira ndinafika pa Lirangwe dzuwa litapendeka pang'ono, anthu akadali thithithi pamsika. Che Bwanali anali atamaliza. Anasoka ndi zotsalira za khaki wa makabudula a amesenjala, chifukwa, anatero, chinthu chonyamula katundu chimafuna nsalu yolimba. Makapuwo anawasongola monga pachithunzi. Ndinathokoza n'kufuna kukulunga.

"Chovala sichichoka pano osayesa. Mwini ali kuti?"

"Sangabwere."

"Ndiye valani inu."

Ndinakana. Anati zaka zonse asoka palibe chovala chinabwezedwapo, ndipo sayamba ndi ichi. Ndinapempha kuti tipite kuseri kwa sitolo. Tinapita, koma kunali mthunzi ndipo maso awo sankaona nsonga ya phini. Tinabwerera pakhonde, iwo akulonjeza kuti n'kamphindi chabe. Anandiveka pamwamba pa shati yoyera ya kuntchito, analowetsa zikho m'makapu, migwiriro itatulukira kukhwapa, n'kundiuza kuti ndizigwire ndi manja onse awiri. Iwo anazungulira kumbuyo ndi mapini pakamwa.

Achinyamata a masiku ano mwina sadziwa mmene mkamwini ankakhalira ndi apongozi ake aakazi. Sitinkayang'anana kumaso. Tikakumana panjira, iwo ankapatuka n'kugwada atayang'ana kumbali, ine n'kuvula chipewa, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja. Pakakhala munthu wachitatu, mawu ankadutsira mwa iyeyo. Zaka khumi ndi zingapo ndinali ndisanalakwitsepo mwambo umenewu.

Ndiye ndili chiimire choncho, ndinamva mawu m'munsi mwa khonde.

"Odi, Che Bwanali. Bulauzi yanga ya kutchalitchi ija yatha?"

Mawuwo anaduka. Nditacheuka pang'ono ndinaona apongozi akutula dengu, akugwada pafumbi, nkhope italoza kumsewu. Anali atandiona. Mwa mwambo, anali asanandione.

"Che Bwanali," anatero mofatsa, "afunseni akamwini anga ngati ayenda bwino kuchoka ku Chileka."

Che Bwanali anachotsa mapini pakamwa. "Akuti mwayenda bwino?"

Miyendo inanjuta yokha. Manja nawo anachita zimene anazolowera: anasiya zikho n'kuyamba kuwomba. Chikho cha kumanzere chinakhalabe m'malo mwake. Cha kumanja chinapulumuka, chinagwa pasimenti, chinagubuduka masitepe atatu, n'kukaima pabondo pa apongozi.

Mmwenye anatuluka ndi lumo lodulira nsalu m'manja. Amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anaimirira kuti aone bwino. Ine ndinkawombabe m'manja, chifukwa moni anali asanathe.

"Auzeni kuti ndayenda bwino. Kaya iwo kumudzi?"

Apongozi anatola chikho chija. Anachitembenuza, anapeza pamene chinapsa ndi moto m'mphepete, anapasisita ndi chala.

"Kumudzi tilipo. Koma zikho zanga ndazifuna sabata yonse. Ndinakalipira adzukulu popanda chifukwa." Anachiika m'dengu. "Auzeni kuti chinzakecho abwere nacho akamaliza ntchito."

Ananyamuka n'kumapita, bulauzi osatenga. Msana wawo unali wowongoka mpaka pakona ya sitolo. Atangokhota ndinamva phokoso ngati la munthu amene watsamwa, ndipo linapitirira nthawi ndithu.

Kuchokera pa Lirangwe kufika kumudzi ndi mtunda waufupi, koma tsiku limenelo njinga ndinaikankha. Nkhani inandipitirira panjira. Ndinafika ana kulibe, atatumizidwa kwa azakhali awo. Anaphiri anali kuseri kwa nyumba akusenda nandolo. Sanandilandire chikwama. Ndinakhala pamwala pafupi nawo, phukusi lili pamiyendo.

"Ndiye mwauza msika wonse wa Lirangwe," anatero.

"Sindinatchule dzina."

"Muli ndi akazi angati?"

Nandolo zinkagwera m'lichero imodziimodzi.

"Za msikazo zisiyeni, aseka atopa. Ine masabata onsewa ndakhala ndikudikira yankho. Ndinakufunsani funso, inu mukuti tiona chochita, ngati ndakuuzani kuti denga likudontha. Ndinati basi, alamu aja amanena zoona. Bamboyu waona, ndipo zamuipira."

"Sizinandiipire."

"Nanga mumakonza chiyani?"

Funso limenelo ndinalibe nalo pepala lowerengapo. Ndinayesa njira imene inaoneka yaulemu. Ndinati ana athu anayi akula ndi thanzi chifukwa cha iwo, ndipo Esinati, amene anabadwa chaka cha njala, sakanakhala moyo.

"Ng'ombe nayonso imayamwitsa," anatero. "Sindinafunse ngati anagwira ntchito."

Ndinayang'ana pansi. Ndinayang'ana nkhuku. Kenaka ndinanena chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, chifukwa ndinkachiona chachibwana kwa bambo wa ana anayi.

"Loweruka lililonse ndikawoloka mtsinje uja ndimapalasa moimirira. Anthu amati ndikuthamangira ana." Ndinapitiriza, "Ana ndimawakonda. Koma sindithamangira iwo."

Dzanja lawo linaima m'lichero.

"Ngakhale pano?"

"Makamaka pano. Kungoti masabata awa ndikafika mumakasinthira kubafa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chilundu, n'kunena kuti nandolo za chaka chino zili ndi fumbi. Patapita kanthawi analoza phukusi lija ndi chibwano.

"Tavalani."

"Anaphiri."

"Amayi aona, Mmwenye waona, a tomato aona. Mwini wake ndisaone?"

Ndinavala, ndi chikho chimodzi chotsalacho. Anandizungulira kawiri ngati akugula mbuzi. Anagogoda kapu ya khaki ndi chala. Kenaka anakhala pansi n'kuseka mpaka lichero linagubuduka, ndipo poseka anandigwira mwendo kuti asagwe. Aka kanali koyamba kundikhudza chiyambire nkhani ija. Nandolo tinatola limodzi, ine ndidakavala.

Kamisolo wa khakiyo anamuyesa kamodzi, anati akukanda ngati thumba la fodya. Koma anandiuza kuti weniweni amamufuna ndithu, wovala kutchalitchi ndi kuukwati, osati chifukwa cha ine kapena alamu awo, koma kuti diresi lizikhala bwino. Mwezi wotsatira ndinawakweza njinga mpaka pamsewu, tinakwera basi ya ku Limbe. Analowa okha m'sitolo ya Mmwenye wina n'kufunsa mayi wogulitsa ndi mawu omwe amagulira mchere. Sizinatenge nthawi yoposa kumwa kapu ya tiyi. Ine ndinaima panja n'kumawerenga chikwangwani cha sopo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kotheratu. Sabata yatha Anaphiri anali pakhonde akupesa tsitsi, ndipo anati, "Imvi zandimaliza, eti?" Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinali nditaona mankhwala odetsa tsitsi pawindo la sitolo ina m'tauni, ndipo ndinkadziwa ngakhale mtundu wa botolo lake. Ndinafika pa "Ku Blantyre kuli..." n'kuima.

Anatsitsa chipeso n'kundidikira, nsidze imodzi ili m'mwamba.

"Kuli chiyani ku Blantyre, abambo a Esinati?"

"Kuli kutali," ndinatero, n'kusendeza mpando wanga pafupi ndi wawo.