Tibwerekeniko Hezron Amalize Chiliza cha Mayi Ake

Kwa Wolemekezeka Mlonda Wamkulu,
Mpingo wa Nyali Zosazima,
Paphiri, kumtunda kwa Njakwa.

Bambo Mlonda,

Ndisanafike pa nkhani, ndiloleni nditchule ana anga, kuti mudziwe kuti amene akukulemberani si munthu wamba. Woyamba ndi Isabella, namwino, amene amabaya jakisoni munthu osamva kanthu mpaka atafika kunyumba. Wachiwiri ndi Luntha, mphunzitsi wa masamu kusekondale; ena mwa ana amene anawaphunzitsa ali m'maofesi ku Lilongwe, koma akakumana naye amavula chipewa. Wachitatu ndi Thumbiko, dalaivala wa thiraki, amene wakwera ndi kutsika Chiweta kambirimbiri osagwetsapo ngakhale thumba limodzi. Wachinayi ndi Pamela, ali ndi shopu ya nsalu ku boma, ndipo makina osokera ali mmenemo ndi akeake. Wotsiriza ndi Hezron, mmisiri womanga nyumba. Khoma la Hezron mukhoza kulisuzumira ndi diso limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, simupeza pokhota. Koma ameneyu sindikufunika kukufotokozerani, popeza masiku ano mumamuona kuposa ine bambo wake.

Ine ndine Pearson Chavula, wa kumunsi kwa phiri lanu. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndikungoyankhula, akulemba ndi mpongozi wanga Hellen, mkazi wa Hezron. Wakhala pataliko monga mwa ulemu wa kwathu kuno, ndiye ndikuchita kukweza mawu. Odutsa pamsewu amva kale theka la kalatayi, n'chifukwa chake tangoti ikhale ya aliyense. Ndasankha Chichewa chifukwa ndamva kuti chibwerere kuno kuchokera kwanu kuchigawo chapakati, Chitumbuka mwagwirapo liwu limodzi lokha, yewo, amene ndi zikomo wa kuno, limene mumanena mbale ya chopereka ikamabwerera kutsogolo. Ndi chiyambi chabwino. Komanso chibwerere matipate aliyense ali ndi ufulu wake: inu woyambitsa mpingo, ine wolemba kalata.

Nkhani yake ndi iyi. Mkazi wanga, Muriel NyaKachali, anatisiya chaka chatha dzinja lili mkati. Anali mayi wa Umanyano, umene kwanu mumati Mvano, ndipo ndiye anagulitsa nthochi pamsewu pa Njakwa kuti Hezron akaphunzire zomanga. Ali chigonere anatiuza tonse kuti chiliza chake asadzamange mlendo, adzamange Hezron, ndipo chisadzapendame ngati cha malemu apongozi ake. Tinalonjeza. Chaka chino abale ake a Hezron anagula simenti, Isabella anabweretsa mwala wolembedwa dzina kuchokera ku Mzuzu, ndipo Hezron anakumba maziko n'kuyala mizere iwiri ya njerwa. Kenako anakwera phiri lanu kukamva ulaliki. Anatsikako nkhope ikuwala, manja ali m'thumba. Akuti, Adada, Mlonda waona tsiku lobwera Ambuye, ndipo walamula kuti pasapezeke woika cholemera pamanda, chifukwa akufa auka posachedwa ndipo simenti idzawachedwetsa. Chiliza chinaimira pomwepo.

Ndiye ndati ndithokoze mwadongosolo, monga anatiphunzitsira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tsiku. Abusa athu anaphunzira ku Khondowe mpaka maso kuvala magalasi, koma pa nkhani imeneyi amangotiuza kuti Malemba akuti tsikulo salidziwa munthu, angelo salidziwa, ngakhale Mwana mwini wake salidziwa, koma Atate okha. Takalamba nawo umbuli umenewu. Inu mwangofika, mwatipatsa tsiku, ndipo osati limodzi. Munatipatsa la mu Epulo, litadutsa munatipatsa la mu Julaye, tsopano mwatipatsa Lachisanu pa 17 Okutobala. Kuwolowa manja kotere sindinakuonepo. Chimene angelo akusowa n'chimodzi chomwe, ife a ku Njakwa tili nacho patatu.

La mu Epulo lija ndimalikumbukira bwino. Anthu anu anakwera phiri m'mamawa atavala zoyera, akuimba mokoma ndithu. Nanenso sindibisa, ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi n'kukhala pakhonde, kuopa kupezeka ndi malaya ong'ambika. Dzuwa litapendeka anatsika ali chete, zoyera zija zitasanduka zofiira ndi fumbi, ndipo ambiri anaima pakhomo panga kupempha madzi. Hellen anawaphikira chinangwa. Anadya bwino, ngakhale chinali chinangwa chobzalidwa ndi ife osakhulupirira. Chimwalirire NyaKachali pakhomo pano panali pasanadzazepo alendo chotero, ndiye yewo chomene. Mawa lake munalengeza kuti Ambuye abwerera panjira chifukwa nyumba yowalandirira inalibe denga. Mu Julaye akuti inalibe mawindo. Ine ndinkadziwa kuti Ambuye anabadwira m'khola la ng'ombe, sindinkadziwa kuti masiku ano amayamba afunsa za mawindo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chowamvera chisoni angelo. Palibe anawaganizirapo za msana. Ife tinkangomva kuti pamanda a Ambuye panali chimwala chimene amayi atatu ankadandaula panjira kuti atikunkhunizira ndani, ndipo mngelo mmodzi yekha anachikankha n'kukhalapo ngati pampando. Tinkamvanso kuti tsiku lomalizalo ngakhale nyanja idzabweza akufa ake, kutanthauza kuti asodzi onse amene anamira ku Chiweta osapezeka adzatuluka. Koma inu mwationetsa kuti simenti ya masiku ano ndi ina. Nyanja idzagonja, thanthwe linagonja, koma timatumba timene tili m'chipinda changa ndi timene tidzaimitse lipenga.

Komabe NyaKachali simunamudziwe, Bambo Mlonda. Mayi ameneyu tsiku lina mtsinje utadzaza anawoloka ndi dengu la nthochi pamutu, amuna tili kutsidya tikukambirana. Belu la kutchalitchi likalira ankafika woyamba, woliza beluyo asanasiye chingwe. Munthu wotere lipenga la Mulungu likadzalira, chiliza chidzachita kumupatukira chokha. Chimene ndikuopa ine si choti adzachedwa kutuluka. Ndikuopa kuti adzatuluka msanga, n'kuona mizere iwiri ya njerwa ndi zitosi za mbuzi, n'kufunsa kuti a Chavula ali kuti.

Pomwepa ndili ndi nkhawa ina, ndipo ndi ya inu. Thumbiko amadutsa kwanu kuchigawo chapakati kuja ndi thiraki, ndipo anthu a kumeneko anamulozera monyadira manda a malemu bambo anu. Akuti munawamanga bwino zedi: matailosi pansi, mpanda wachitsulo, denga la malata, ndi loko pachitseko. Mwana wabwino amatero, ndipo ndikukuyamikirani. Koma malinga ndi chiphunzitso chanu, mkuluyo ali pamavuto kuposa mkazi wanga. Pa 17 pasanafike, tumizani munthu ndi kiyi.

Chachitatu, zikomo chifukwa chomupatsa mwana wanga chochita. Ndimati akangokhala paphiripo n'kumayang'ana mitambo, koma ayi, ndamva kuti nyumba yolandirira Ambuye ija akumanga ndi iyeyo, pamodzi ndi ina yaing'ono kumbuyo kwake, ya zipinda zogona, imene mwayamba mwasungiramo mipando yanu. Hezron akabwera kudzasintha zovala amatisimbira monyadira. Akuti maziko ake ndi ofika m'chiuno, muli zitsulo ndi miyala ya kwale. Akuti munalamula kuti athiremo mankhwala a chiswe, aja amphamvu ogwira zaka zambiri. Ndinamufunsa kuti kodi chiswecho sichinamve za Okutobala? Anangoti, Adada, zauzimu simungazimvetse. Ndi zoona, sindizimvetsa. Pamanda simenti ikuchedwetsa kuuka kwa akufa, paphiri simenti yomweyo ikufulumizitsa kubwera kwa Ambuye. Luntha ndi wa masamu, koma nayenso samu imeneyi yamukanika.

Ndaonanso timitengo ta mapeyala timene mwabzala m'mbali mwa njira yokwera kwanu, titatchingidwa bwino ndi minga kuopa mbuzi. Ine pa msinkhu wanga ndikabzala peyala ndimadziwa kuti adzadya ndi adzukulu. Inu amene dziko lanu likutha mwezi wamawa mwabzala mzere wonse, ndipo mumathirira m'mawa uliwonse. Chikhulupiriro chotere n'chosowa. Kapena angelo amakonda mapeyala.

Hellen akuti ndiwonjezere kuti kumunda kwawo akusosa yekha. Ndamuuza kuti kalatayi ndi yanga, koma walemba kale. Popeza zalembedwa, ndinenepo pang'ono. Ine ndimamva abusa akuwerenga kuti pobwera Ambuye, awiri adzakhala m'munda, ndipo amayi awiri adzakhala akupera ufa. Onsewo adzapezeka ali pantchito. Ndimamvanso kuti tsiku limene Ambuye anakwera kumwamba, ophunzira ake atatsala chiimire kuyang'ana m'mitambo, panabwera amuna ovala zoyera n'kuwafunsa kuti mwaimiranji pano. Ovala zoyera a nthawi imeneyo ankabweza anthu kunyumba. A masiku ano akuwatenga.

Chachinayi si chothokoza kwenikweni, ndingokuuzani mmene zinthu zilili kuno kumunsi. Simenti ili m'chipinda changa, ndipo thumba la pansi layamba kale kulimba m'makona. Mwala wa dzina uja tinasowa pousunga, uli kunsi kwa bedi langa. M'mawa ndikamafufuza nsapato, dzanja limayamba lakhudza dzina la mkazi wanga. Mbuzi za a Amock, oyandikana nafe, zapeza pamizere iwiri ija pabwino powothera dzuwa. Kutentha kwayamba, mitambo yayamba kuunjikana cha ku Nyika, ndipo chizimalupsa chikangogwa, madzi adzadzaza m'maziko, mtumbira n'kuyamba kutitimira. Mvula, Bambo Mlonda, ndi mlendo mmodzi amene kuno sanasinthepo tsiku chifukwa cha mawindo.

Ana anga anati tiitane mmisiri wina. A Laws a ku Phwezi anadzipereka, ndipo ndi munthu wa dzanja labwino. Ndinakana. NyaKachali sanati chiliza chokongola, anati cha Hezron. Mwana ameneyu si woipa. Anawakonda mayi ake kuposa onse, ndipo chimene munamukokera nacho n'chomwecho: munamuuza kuti adzawaona mwezi usanathe. Nthawi iliyonse tsiku likadutsa amatsika phiri ngati wachokanso kumaliro, ndipo inu mumamupatsa tsiku lina. Pamandapo sanapondeponso chikwerere phiri lanu, akuchita kulambalala.

Musaganize kuti ine sindidikira Ambuye. Ndinayamba kuwadikira inu musanabadwe, ndipo tsopano ndili ndi chifukwa chachikulu kuposa wina aliyense paphiri panupo, popeza akadzabwera, akufa mwa Iwo ndiwo adzayambe kuuka, ndipo mmodzi wa iwo ndimamudziwa mayendedwe ake. Pa zaka zangazi, kaya abwera ndi Iwo, kaya ndipita ndine, kukumanako kuli pafupi, ndipo sindifuna kalendala kuti indiuze. Chimene ndikufuna n'chakuti ndikadzaonana ndi NyaKachali ndidzamuyang'ane m'maso, ndidzati mayi, chija munanena chija chinachitika, ndipo n'chowongoka.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada, ngakhale kudzuka kwake kundivuta. Tibwerekeniko Hezron. Sindikuti mumuchotse mumpingo, zimenezo ndi za iye ndi Mulungu wake. Ndikuti atsike ndi chingwe chake ndi levulo yake, amalize chiliza cha mayi ake mvula isanagwe, kenako ngati mawindo akadalipo ena, mudzamutenge. Ine ndikamuuza samva, masiku ano khutu lake lili kwa inu. Popeza masomphenya amakufikirani pafupipafupi, mwina mukhoza kufunsako ngati angelo sangathe kupirira chiliza chimodzi chokha cha mayi wa Umanyano. Ndikukhulupirira kuti yankho libwera msanga, chifukwa amene analola matailosi ndi loko sangakanize njerwa. Potsika abwere ndi wilibala imene anakwera nayo mu Juni. Ndi yanga, ndipo sindikumbuka kuti ndinaipereka nsembe.

Pomaliza, ndikudziwitsa inu, ana anga onse, a kwa Chavula, a kwa Kachali, ndi amayi a Umanyano, kuti banja lonse lidzakumana kumanda a kwathu kudzavundukula chiliza cha Muriel NyaKachali Loweruka pa 18 Okutobala, m'mawa dzuwa lisanatenthe. Tsikuli ndalisankha mwadala kuti lisasemphane ndi lanu la Lachisanu.

Ngati mwalondola ulendo uno, msonkhano wathu sudzalephereka, udzangokula. Mwini wake adzakhalapo, adzayendera ntchito ya mwana wake, ndipo ngati adzapeza mizere iwiri yokha, ndikupempha kuti mudzaime pafupi ndi ine mudzamufotokozere nokha. Chichewa amachimva bwino, ndipo sathamangira kumaliza nkhani. Ngati Lachisanulo lidzadutsa ngati anzake aja, tsikanibe Loweruka. Mpando wanu udzakhala pamthunzi, mbuzi imodzi mwa zija zozolowera pamandapo ndagwirizana kale ndi a Amock, ndipo palibe adzakufunseni kanthu. Mukadzapeza tsiku lina pamwamba pa atatuwa, chonde lisadzagwe nthawi yobzala.

Ine wanu wodikira mnzanu, wa kumunsi kwa phiri,

Pearson Chavula
Bambo wa Isabella, Luntha, Thumbiko, Pamela ndi Hezron.
Dzina lokhali ndalemba ndekha.