Misozi na nkhuku ya pa Sande

Imwe a mu gulupu, pezani pokhala mumvele, chifukwa iyi nkhani kwathu sibaiwala, ndipo wolakwa ndine.

Mugodi wamene benze kusebenzako utatsekedwa, atate benze chabe panyumba ku Bwacha, kusakila tumapisiweki. Nyama inasowa pa mbale. Lelo kalembula (masamba a mbatata), mailo kalembula, tsiku labwino tunsomba twa kapenta. Tonse tinazolowela kupatula Misozi, wotsilizila wathu, wa zaka zinayi. Amai benze kuchoka m'mamawa kukagulitsa tomato ku maliketi, ndiye wophika na wodyesa mwana nenze ine.

Misozi akaona nshima, kamwa kumanga. Ninamunyengelela, ninamupangila tunthongo tung'onotung'ono, ninamuopseza kuti nizaitana apolisi, mpaka ninamugwila mphuno (ananiluma chala, chipsela chikalipo). Koma chodabwisa, mwana sanali kuyonda. Masaya kung'anima.

Apo nayamba kukaikila. Mwana wosadya anenepa bwanji? Maso yanga yanagwela pa aneba athu, Bana Mwape, amene benze kumuitana kuti "mayo wandi" (kutanthauza amai anga) na kumusekelela kwambili. Nati mumtima, aba amai bamudyesa chinachake mwana wathu kuti akane pakwao.

Masana ena nabisala ku mpanda, nyelele kuniluma, ine zii. Naona Misozi wakhala pa mphasa na ana atatu a Bana Mwape, mbale imodzi, kulimbilana kalembula, yamene ija akana kwathu. Mpaka kunyambita zala.

Nati ohoo, palibe mankhwala apa, mwana afuna gulu chabe. Nazimva wanzelu maningi.

Pa Sande atate anatulutsa nkhuku yamene anapatsidwa atakonza pampu pa famu ina. Nkhuku yoyamba pa miyezi sinikumbuka ingati. Amai popita ku Misa anati, "Uphike, udyese mwana. Ise tizachedwa, kuli msonkhano. Nthutumba ni ya atate ako, wamva?"

Ine na nzelu zanga zija, naitana ana atatu a Bana Mwape. Maganizo yenze yakuti nibapase msuzi na phiko limodzi, Misozi akaona anzake alimbilana, nayenso agwele. Nasambika onse m'manja, natula nshima, natula poto pa mphasa kuti nigawe.

"Misozi, bwela, ona anzako."

Anayang'ana poto, anayang'ana ine. "Ndani waphika?"

"Ndine."

"Sinifuna." Uyo, kuseli kwa nyumba.

Namuthamangila (poto nasiya pamene paja, inde, niziwa). Tinazungulila chimbudzi, tinazungulila mtengo wa mango, mpaka namugwila kumpanda. Pobwela napeza zii, kumveka chabe mafupa kuphwanyika. Wamng'ono enze kumaliza nthutumba. Wamkulu anapukuta kamwa bwinobwino nati, "Ba sisi, muziwa kuphika. Mailo tibwele nthawi yanji?"

Makolo pofika, atate anayang'ana mu poto nthawi yaitali. Munatsala khosi na phazi limodzi. Ine kulila, kufotokoza zonse, za mpanda, za gulu.

Amai anamunyamula Misozi. "Nanga iwe mama, kwa Bana Mwape udya, kuno ukana chani?"

Ananisonta na kachala. "Asisi amaika chowawa."

Apo nakumbuka. Misozi atadwala malungo, ninapela mapilisi mu phala, nalumbila kuti mulibe kanthu, ni shuga chabe. Kuchoka tsiku lija, chilichonse chochoka m'manja mwanga enze kuchiona monga msampha. Ine kubisala mu nyelele kukaikila aneba, kansi wokaikilidwa ndine.

Atate anadya khosi na kalembula. Bana Mwape atamva anabwelesa mazila anayi, kuseka mpaka kugwila chitseko.

Misozi lelo ali na nyumba yake ku Ngungu. Nikamupelekela chakudya amati, "Yambani ndimwe, asisi."

Manje chamene nakuitanilani ni ichi. Kamwana kanga kadwala, kakana mankhwala kuchoka m'mawa. Phala ili pa mbaula, mapilisi yali m'manja, supuni ili apa. Imwe mungachite bwanji?