Kusaka Nesi wa Atate

Lolemba

Atate agwa m'bafa. Sanavulale, koma ndikudziwa kuti ndi bipi. Chichokere ba Sister Mwanza, amene anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Lundazi, nyumba ino ilibe nesi wake. Iwo aja amatidziwa tonse: mapiritsi a Atate, chifuwa cha mwana wanga, ngakhale msana wangawu. Sabata ino ndipeza wina basi. Sindikufuna zambiri. Akhale nesi weniweni, wa mu Kafue muno, wolola kubwera kunyumba, wosaopa Atate. Atate akuti sakudwala, anaterereka pa sopo. Sopo anatha Lachisanu.

Lachiwiri

Ku kiliniki. Mzere wafika pa mtengo wa mango. Nesi amene tampeza ndi wabwino ndithu, koma si wa mwezi watha uja, ndiye ndiyambenso kufotokoza zonse. Atate akundidula mawu, akumuuza za ntchito yawo ya ku njanji. Ndamunong'oneza ngati angamabwere kunyumba. Wangondilozera mzere ndi cholembera. Ndamva.

Lachitatu

Amai Banda a ku mphakati wathu akuti ku Kafue Estates kuli nesi, nyumba ya geti yobiriwira. Ndakwera minibasi. Mageti obiriwira ali mbwee. Pa geti ina galu wanding'ambira chitenje. Nditaipeza nyumbayo, wantchito akuti madamu amagwira ku Lusaka, amachoka kusanache, amabwera kutada, Loweruka amagona. Nesi wa mu Kafue amene Kafue sinamuonepo masana!

Lachinayi

Aneba athu ba Mulenga akuti mlamu wawo ndi dokotala, amayenda pa njinga yamoto ndi chikwama cha majekeseni. Wabwera. Munthu waulemu, wavala magambutsi. Wandifunsa pa geti ngati wodwalayo akudya bwino, ndati inde. Wafunsa ngati akubzikula.

Ndi dokotala wa ng'ombe, wa kumafamu a kumtsinje. Ba Mulenga anangomuuza kuti kwa aneba kuli matenda. Wapepesa kwambiri, koma Atate amukonda, amukhazika mpaka nshima, akukambirana za nkhupakupa ngati tili ndi khola. Pochoka wandiitanira pambali n'kundiuza kuti iye za anthu sadziwa, koma mapazi a mdala atupa, ndisazengereze. Kuseka kwandithera pomwepo.

Lachisanu

Ndampeza! Naomi, mwana wa malemu a Zulu, wakulira kuseri kwathu kuno ku Nangongwe. Ndinaiwala kuti anakula. Nesi weniweni, wololedwa ngakhale kulemba mankhwala. Wabwera ataweruka, wapima bipi, wadina mapazi, wayang'ana mapiritsi. Wapeza kuti Atate amadula piritsi pakati kuti achedwe kutha. Wawauza mwaulemu kuti azimwa lathunthu, achepetse mchere, kapenta wouma ayambe asiya. Atate adikira kuti atuluke. Kenako akuti, "Mwana amene ndinamuimira pa ubatizo, iye n'kuthawira ku Pentekosite, lero andiletse mchere?" Pochapa ndapeza mchere wokulunga m'pepala m'thumba la jekete yawo.

Loweruka

M'mawa wonse kunyengerera Atate. Ndayamba ndi ulemu, ndatsiriza ndi misozi. Ndawakumbutsa kuti Amai tinawataya ndi bipi yomweyi, nawonso ankati ali bwino. Avomera kuti Naomi azibwera, bola asamapemphere mokuwa. Ndathamanga kukamuuza. Ndampeza akulongedza mapoto m'makatoni. Amusamutsira ku Solwezi, anyamuka mawa, akuti dzulo anasowa poyambira kundiuza. Ndangokhala pa katoni. Wandisiyira kamakina kake kakale kopimira bipi, wandiphunzitsa kumanga lamba pamkono, wandionetsa manambala oti ndikawaona tithamangire ku kiliniki osadikira. Ndabwerera nako kunyumba ngati ndanyamula mazira.

Lamulungu

Ndawapima Atate tisanapite ku Misa. Yatsikako pang'ono. Piritsi amwa lathunthu ine ndili pomwepo, akudandaula kuti ba Sister atsopanowa, kunena ine, ndi ankhanza. Vuto ndi lakuti akabwerezanso mawu amenewa panja pa tchalitchi. Pofika kunyumba tapeza azimai pakhonde, wina wapinda kale mkono wa bulauzi. Ndawauza kuti ine ndimagulitsa tomato pa msika, sindine nesi, apite ku kiliniki mawa. Onse avomera, palibe wanyamuka. Amai Banda akuti, "Manje ba Sister, shuga mupima liti?" Nesi sindinampeze. Ndikupita kukagula mabatire a kamakina kaja.