Makina Amapasa a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, asiye njinga yake pa shedi pano, apite ku Mitundu akafunse munthu aliyense wa imvi kuti Zakeyo wa makina adali ndani. Ndimudikira, sindithawa. Inu achinyamata mwagwira mafoni dzulodzuloli, basi mukuyesa kuti kompyuta idayamba ndi inu, pomwe ine ndidaweta makompyuta awiri nthawi imodzi matipate atangobwera kumene, anthu akadayang'anabe kumbuyo asanatchule dzina la chipani.

Bungwe lina la zaulimi lidabwera kudzagawa mbewu, ndipo lidafuna kuti dzina la mlimi aliyense, kuyambira ku Malingunde mpaka ku Diamphwe, likhale m'makina. Adaika kompyuta imodzi ku Mitundu, ina kuno ku Nathenje, n'kuzilumikiza ndi waya wa foni. Adali mapasa. Wa ku Mitundu ndiye adali wamkulu, wolemba mayina, wa kuno ankangokopera chilichonse n'kumadikira. Pa sekondi iliyonse wamng'onoyo ankafunsa pa waya kuti mulipo akulu, wamkulu n'kuyankha kuti ndilipo. Lamulo lake lidali lakuti akafunsa katatu osayankhidwa, ndiye kuti kwagwa maliro, wamng'ono alowe ufumu, ntchito isaime. Amene adabweretsa makinawo adandionetsa masana amodzi okha n'kubwerera ku tauni, woyang'anira zonsezi n'kutsala ine.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa chikamwini ku Mitundu. Apongozi anga aakazi adali munthu wosalankhula kawiri, ndipo ine, monga mkamwini woleredwa bwino, ndikawaona m'njira ndinkapatukira m'tchire, ngakhale mukhale chitedze. Sabata yogawa mbewu itayandikira adanditumizira mawu kudzera mwa mkazi wanga, mayi a Feliya. Akuti mkamwini wosalima, wongokhalira kugogoda makina, amulekerera pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo Lachisanu dzina lawo likapanda kutuluka pa pepala la mbewu, ndinyamule bulangete langa ndi khasu ndione msana wa njira. Mkazi wangayo ndinkamukonda kwambiri, sindibisa, koma ndidaseka, chifukwa dzinalo ndidalilemba ndekha ndi zala izi, ndipo lidali m'makina awiri.

Lolemba masana ngolo ya makala yochokera ku Dzalanyama, yopakira mpaka kumwamba, idakola waya pafupi ndi phiri la Bunda n'kuudula. Wamng'ono adafunsa katatu, zii. Adalira maliro sekondi imodzi n'kudzilonga ufumu. Wamkulu nayenso ku Mitundu, poona kuti mng'ono wake wasiya kupereka moni, adati wamwalira, zachisoni, n'kupitiriza kulemba yekha. Mukumva? Mafumu awiri mpando umodzi, aliyense akulemba mayina akeake, aliyense akulumbira kuti wapambana chisankho ndi iye. Ndipo chisankho cha anthu awiri sichitha, voti imodzi uku, imodzi uko. Pamafunika wachitatu woti alamule, ndipo wachitatuyo padalibe wina koma ine.

Ndidakwera njinga n'kusanduka waya. Ndinkafika ku Nathenje n'kunong'oneza wamng'ono kuti akulu ako alipo, khala pansi, n'kutembenuka kukauza wamkulu kuti mwana uja wakupatsani moni, ndipo poti moniwo unkafunika pa sekondi iliyonse, ndidapalasa mpaka matayala adapsa ndikuyenda pa malimu, malimu adatha ndikuyenda pa masipoko, fumbi la ulendo woyamba ndinkalipeza likadali m'mwamba pa ulendo wa makumi anayi, ndipo pa mlatho wina ndidakumana ndi munthu wa njinga akubwera ndi liwiro loopsa, ndidamupatukira mwaulemu, poyang'anitsitsa n'kuona kuti ndi ine ndemwe ndikuchokera ku Mitundu. Sitidapatsane moni, tonse tidali pa ntchito. Chithunzithunzi changa chidatopa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pa Bunda, ndidachita kukachitenga Lachinayi.

Mayina atsopano olembedwa uku ankayenera kufikanso uko. Poyamba ndinkanyamulira pa kadisiki m'thumba la shati, koma dzuwa la Okutobala lidakasungunula ngati phula, ndiye ndidayamba kuwerenga pagalasi la kompyuta n'kumaika m'mutu. Mudzi ndi mudzi, nyumba ndi nyumba, mayina atsopano ndi akale omwe, a Nabanda onse osasokoneza ngakhale mmodzi. Mutu udakula mpaka chipewa chidang'ambika, mayina ena adayamba kutulukira m'makutu, ndidatsekamo zitsononkho. Mulungu akundiona, chipsera chake ndi ichi, bwerani mugwire.

Amene adandipha ndi mwini ngolo uja. Munthuyo adali wabwino mtima, chikumbumtima chidamupweteka, ndiye Lachisanu m'mawa adakwera pholo n'kulumikiza waya osandiuza. Izi ndiye zosachita. Mapasa akayambana, umayamba wazimitsa mmodzi, kenako n'kumudzutsa pang'onopang'ono, akumbuke kuti ndi mwana, akopere kwa mkulu wake. Koma awa adangokumana pa waya maso ndi maso, aliyense atavala chisoti cha ufumu. Wamkulu adati zolemba zako n'zabodza, n'kuzifufuta. Wamng'ono adati zabodza ndi zanu, n'kufufutanso. Pomwe ndinkatsika njinga ku Mitundu, galasi lidali mbee, lopanda dzina ngakhale la galu.

Panja malole a mbewu aima, anthu adzaza bwalo la ofesi mpaka ena m'mitengo, mitambo yakuda yaunjikana ku Dzalanyama. Choopsa china, makinawo ndidawatchera ndekha kuti Lachisanulo ikangokwana thwelofu koloko adzitseke, wina asadzaonjezere mayina a mizukwa, ndipo akadzitseka ngakhale ine mwini sindikadawatsegula. Manja anga adali atatupa ndi mahandulo ngati maungu, chala chimodzi chikudina zilembo zinayi. Ndiye ndidalavula malovu, kuthamangira ku Nathenje kukazula pulagi ya wamng'ono, n'kubwerera malovuwo asanafike pansi. Pa makina ndidakhazikapo a Nachisale, mayi wotayipa amene adali atangotumizidwa kumene kuchokera ku Mulanje, wosadziwa aliyense kuderalo. Ine ndidaima pakhomo n'kuzula zitsononkho.

Ndidatchula mayina. Ndidayamba ndi Malingunde, mpweya umodzi midzi isanu ndi iwiri, a Nachisale akutayipa mpaka makina kufuka utsi, amayi ena akuwakupiza ndi malichero, aliyense womva dzina lake akuyankha kuti wawa, mvula idanyamuka ku Dzalanyama n'kufika pamwamba pa msika n'kuima pompo kudikira kuti ndimalize, madontho ali lende m'mwamba, nkhuku zikudumpha kuwajompha. Mukumva? Palibe dzina lidasowa, ngakhale a anthu amene adaiwala okha kuti adalembetsa. Mpaka ndidafika pa mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, nyumba yachitatu kuchokera pa chitsime.

Apongozi adali atakhala kutsogolo kwenikweni, thumba lopanda kanthu lili pamiyendo, akundiyang'ana. Chikwatirire ndidali ndisanawaonepo nkhope pafupi chotero. Dzinalo lidanyamuka bwinobwino m'mutu, lidatsika, lidafika pa lilime. Ndikufunseni inu: ndi mkamwini uti angatchule dzina la apongozi ake ndi pakamwa, pagulu, iwo ali pompo? Ndidachita mantha, ndidachita manyazi, ndidayang'ana pansi n'kutsokomola.

"Mwati ndani, bambo?" adafunsa a Nachisale.

"Mayi athu," ndidatero.

"Mayi athu ndi dzina?"

Ndidatsokomolanso. Nthawi ikuthamanga, midzi khumi ikudikira, ndiye ndidalumphira nyumba yachinayi, poganiza kuti ndikamaliza ndilemba ndekha mwakachetechete ngakhale ndi chigongono. Dzina lomaliza la ku Diamphwe litangolowa, thwelofu idakwana, makina adadzitseka, khethe. Mvula yonse ija idagwa nthawi imodzi.

Ndidakadzutsa wamng'ono ku Nathenje, atafatsa tsopano, ndipo adakopera zonse kwa mkulu wake osasiya kanthu. Ndiwo ubwino wa makina amenewa, chimene wamkulu alibe, wamng'ononso alibe, m'kuphethira kwa diso. Anthu zikwizikwi adalandira mbewu tsiku limenelo, amayi akundiimbira nthungululu, ndipo mayi mmodzi yekha adapinda thumba lake n'kuyenda pamvula osatembenuka. Pomwe ndinkafika kunyumba, bulangete ndi khasu zidali pakhonde, zomangidwa bwino ndi luzi. Mayi a Feliya ndinkawamva akulira m'kati, ine mtima ukuwawa ngati andithira tsabola, koma chitseko sichidatseguke.

Ulendo wa ku Nathenje, umene sabata yonse ndinkayenda pa sekondi imodzi, tsiku limenelo udanditengera masiku awiri, njinga ndikukankha. N'chifukwa chake mumandiona kwa mlongo wanga kuno mpaka lero. Koma wina asadzanene kuti Zakeyo adataya dzina la munthu. Makina aja adadyedwa ndi chiswe, bungwe lidapita, apongoziwo adagona m'manda kalekale, koma dzina lija lili muno, lathunthu, silidasowepo ngakhale chilembo chimodzi. Iwe wa foniwe ukuti ndilitchule kuti ukhulupirire? Dzina la apongozi anga? Udaleredwa kuti iwe?